Hanna HI98129: kamita ka m'thumba pa kafukufuku wa kemisitiri wa chaka chomaliza

Wophunzira kemisitiri akafika chaka chomaliza, makamaka amene akufuna digiri ya honours, amayenera kuchita kafukufuku wakewake, kulemba lipoti lalitali, n'kukaliteteza pamaso pa aphunzitsi. Kuno ku Blantyre mutu wa madzi suvuta kupeza. Mudi amadutsa pakati pa mafakitale a ku Makata mpaka kulowa m'tauni, Nasolo amatsika ndi zinyalala za ku Ndirande, Naperi ali pomwepa, kuli zitsime ndi mijigo ku Bangwe, Machinjiri ndi Chirimba, komanso madzi akuda osefukira pa dzala la Mzedi. Wophunzira wa ku MUBAS pa Chichiri, wa ku MUST ku Thyolo, kapena wa ku UNIMA ku Zomba amene wasankha kutunga masampulo mumzinda uno, onse amagunda khoma limodzi. Mita yabwino ya pH, muyeso wa kuwawasa kwa madzi, imakhala pa tebulo la mu labotale, imadalira magetsi a pakhoma, ndipo a tekinishani sangalole kuti ituluke pakhomo. Koma pH ya madzi sidikira munthu. Njira zovomerezeka zoyezera madzi zimati pH iwerengedwe pasanathe mphindi 15 kuchokera pamene mwatunga. Botolo lochokera ku Mzedi likamafika pa Ginnery Corner pa minibasi, litatenthedwa ndi dzuwa ndiponso kukhutchumuka njira yonse, mpweya wa carbon dioxide umakhala utasuntha kale ndipo nambala imene mita ya pa tebulo ikupatseni si ya madzi amene munawaona aja.

Apa ndi pamene kamita ka m'thumba kamalowera. Hanna HI98129 ndi kachipangizo kofanana ndi cholembera chonenepa, kamene kamayeza zinthu zinayi pamutu umodzi: pH kuyambira 0 mpaka 14, EC, ndiko kuti mmene madzi amadutsitsira magetsi, kuyambira 0 mpaka 3999 µS/cm, TDS, ndiko kuti kuchuluka kwa michere yosungunuka m'madzi, mpaka 2000 ppm, ndi kutentha mpaka 60 °C. Sikalowa madzi, ndipo kakakupulumukani m'manja pa mtsinje kamayandama. Kamayendera timabatire tinayi tozungulira ta 1.5 V, timene timatha pafupifupi maola 100, ndipo mukangokayatsa kamakuuzani mphamvu yotsala mu peresenti. Mabatani ndi awiri okha, MODE ndi SET/HOLD.

Chigamulo chathu tichinene msanga: pa pH ndi kutentha, kamitaka n'kokwanira pa kafukufuku wa digiri yoyamba, ngakhale wa honours, bola mukatchune tsiku lililonse ndi madzi a pH yodziwika kale. Pa EC n'kabwino pa madzi ena, n'kofooka pa ena. Pa TDS musakadalire. Zifukwa zake ndi izi.

Pa pH kamaonetsa manambala awiri pambuyo pa kadontho, monga 7.34, koma opanga amalonjeza kulondola kwa ±0.05. Choncho ngati malo a kumtunda kwa fakitale apereka 7.31 ndipo a kumunsi 7.36, mulibe umboni woti madziwo akusiyana. Malipoti ambiri amagwera pamenepa: wophunzira amalemba ndime yathunthu kufotokoza kusiyana kumene mita yake sikutha kuona. Kusiyana kwa 0.2 kapena 0.3, kumene kukubwerezabwereza maulendo angapo, kumeneko ndi nkhani yolemba.

Kutchuna kwake n'kosavuta. Muli pa pH, dinani MODE osasiya mpaka mawu oti CAL aoneke, kenaka kamita kadzapempha buffer, madzi a pH yodziwika kale, ya 7.01. Viikani mutu wake masentimita atatu kapena anayi, takasani pang'ono, dikirani. Kakaizindikira kamapempha yachiwiri. Tsukani mutuwo ndi madzi a distilled, muuviike mu 4.01 kapena 10.01, malinga ndi madzi amene mukukayeza. Zitsime ndi mitsinje yambiri imakhala pakati pa 6 ndi 8.5, ndiye kusankha kumafuna kuganiza: pa thobwa, juwisi wa malambe kapena dothi la m'minda ya tiyi tengani 4.01, pa madzi otuluka kumene amatsuka mabotolo ndi soda kapena pafupi ndi malo ochapira tengani 10.01. Apa mwakatchuna pa mfundo ziwiri. Buffer yachitatuyo muigwiritse ntchito ngati mboni: mukamaliza kutchuna, iyezeni ngati sampulo, mulembe nambala imene yatuluka m'kope. Ikaphonya ndi kupitirira 0.1, musanyamuke, tsukani mutu, sinthani buffer, yambiraninso.

Mboni imeneyi ndi yofunika chifukwa cha chofooka chachikulu cha kamitaka. Mita ya pa tebulo ikatchunidwa imakuuzani thanzi la electrode, kagalasi koyeza pH ka pa mutu wa mita. Galasi labwino limapereka pafupifupi 59.16 mV pa pH imodzi iliyonse pa 25 °C, ndipo mita imaonetsa kuti electrode yanu yafika peresenti ingati ya nambalayo. HI98129 sionetsa ma mV, sionetsanso peresenti imeneyi. Imangovomera buffer kapena kuikana. Electrode yokalamba imatha kuvomerezedwa koma ikuchedwa ndi kuyendayenda, inu osadziwa. Woyesa wakunja akadzafunsa kuti mukutsimikiza bwanji kuti mita inali bwino, yankho lokhalo ndi tsamba la m'kope lokhala ndi tsiku, ola, kutentha kwa buffer ndi nambala ya mboni ija.

Chinthu chimene timakayamikira nacho kwambiri, poganizira mmene zinthu za mu labotale zimavutira kupeza kuno, n'choti kamavomera magulu awiri a buffer. Gulu loyamba ndi 4.01, 7.01 ndi 10.01, amene amagulitsidwa m'mabotolo ndi m'timasacheti. Gulu lachiwiri ndi 4.01, 6.86 ndi 9.18, ndipo amenewa wophunzira kemisitiri akhoza kudzipangira yekha ngati labotale ili ndi sikelo yowerenga manambala anayi pambuyo pa kadontho. Ya 4.01 ndi magalamu 10.12 a potassium hydrogen phthalate mu lita imodzi. Ya 6.86 ndi magalamu 3.387 a KH2PO4 pamodzi ndi 3.533 a Na2HPO4 mu lita imodzi, michere iwiriyo mutayamba mwaiumitsa mu uvuni pa 110 °C kwa maola awiri n'kuiziziritsa mu desiccator. Ya 9.18 ndi magalamu 3.80 a borax mu lita imodzi, koma borax musamuumitse mu uvuni, chifukwa madzi a m'kati mwa mcherewo ali nawo pa kulemera kwake. Madzi osungunulira ma buffer awiri omalizawa muyambe mwawawiritsa ndi kuwaziziritsa ali otsekedwa kuti carbon dioxide achoke. Kenaka musaiwale kusintha gulu la buffer m'kati mwa mita. Mukaisiya pa 7.01 inu n'kuipatsa 6.86, ikhoza kuvomera, ndipo manambala anu a tsikulo a pafupi ndi pH 7 adzakhala atakwera ndi pafupifupi 0.15 popanda chizindikiro chilichonse.

Ma buffer amawonongeka mosiyana. Ya 10.01 ndi ya 9.18 zimamwa carbon dioxide wa mumpweya ndipo pH yake imatsika, ndiye botolo lotsegulidwa kawirikawiri silipitirira mwezi lili lodalirika. Ya 4.01 imamera nkhungu, makamaka nyengo yadzinja. Mukaona tiulusi tikuyandama, tayani. Musaviike mita m'botolo lalikulu. Thirani mamililita 20 kapena 30 m'kabika, mugwiritse ntchito, mutaye. Kubwezera buffer yogwiritsidwa kale m'botolo pofuna kusunga ndalama kumawononga botolo lonse, ndi gulu lonse la ophunzira amene akugawana botololo.

Pali kusamvetsa kwina pa za kutentha. Kamitaka kamakonza kokha kusintha kwa galasi kobwera ndi kutentha, koma sikasintha pH ya madzi anu kuti ikhale ngati ya pa 25 °C. Madzi omwewo amakhala ndi pH ina m'mamawa wa chiperoni mu June, ina masana a October. Choncho pH iliyonse ilembedwe pamodzi ndi kutentha kwake. Ndipo mita ikachokera m'chikwama chotentha, muipatse mphindi ziwiri kapena zitatu m'madzimo. Kachizindikiro ka wotchi kali pakona kakazimirira ndiye muwerenge.

Tsopano za EC, kumene kuli nkhani yeniyeni. Opanga amati kulondola kwake ndi ±2 peresenti ya sikelo yonse, osati ya nambala imene mwawerenga. Sikelo yonse ndi 3999, ndiye 2 peresenti yake ndi pafupifupi 80 µS/cm. Pa madzi a EC ya 1500, kuphonya kwa 80 ndi peresenti zisanu zokha, n'zopiririka. Pa madzi a 400 ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Pa madzi a mvula, kapena a m'mapiri monga amene Blantyre Water Board imatenga ku Likhubula ku Mulanje, amene amakhala ndi michere yochepa kwambiri, malire a kuphonyawo akhoza kuposa nambala yeniyeniyo. Kunena zoona, mita yotchunidwa bwino nthawi zambiri imachita bwino kuposa lonjezo la papepalalo, koma chimenecho muyenera kuchitsimikiza nokha. Njira yake ndi yotchipa. Madzi otchunira EC, a 1413 µS/cm, ndi potassium chloride wa 0.01 M basi: magalamu 0.7456 a KCl woumitsidwa mu lita imodzi. Tengani mamililita 100 a amenewo ndi pipette, muonjezere madzi a distilled mpaka lita imodzi, mupeza wa 0.001 M amene ayenera kuwerenga pafupifupi 147 µS/cm pa 25 °C. Mita yanu ikapereka 145 kapena 150, mwapeza umboni woika mu lipoti woti kumunsi kwa sikelo ikuona bwino. Ikapereka 190, masampulo a madzi opepuka muwayezere pa mita ya pa tebulo. Mwayi wake EC sithamanga ngati pH: botolo lodzaza, lotsekedwa bwino, losungidwa mu firiji limadikira mpaka masiku 28.

Kumtunda kwa sikelo nakonso kuli malire. Madzi osefukira pa dzala, ena otuluka m'mafakitale, ndi mijigo yamchere ya ku Chikwawa ndi Nsanje akhoza kupitirira 3999, ndipo mita imangoima pamenepo. Amene mutu wake uli ku Shire Valley agule mnzake wa kamitaka, HI98130, amene amafika 20 mS/cm ndipo amatchunidwa pa 12.88 mS/cm. Maonekedwe ndi amodzi, ndiye werengani nambala ya pa bokosi musanalipire. Kusungunula sampulo kakhumi n'kuchulukitsa yankho ndi 10 kumathandiza pangozi, koma kumapereka nambala yokwererapo, chifukwa ma ion akatalikirana amayenda momasuka kuposa ali othinana. Mukatero, nenani mu lipoti kuti munatero.

Vuto lina limabwera chifukwa choti pH ndi EC zili pamutu umodzi. Electrode ya pH imatulutsa pang'onopang'ono mchere wa KCl kudzera pa kansalu kake, ndi mmene imagwirira ntchito. Mu ndowa simungazindikire. M'kabika ka mamililita 50 ka madzi opepuka, EC imakwera mukuiona. Komanso madontho a madzi osungira electrode amene anali m'chivindikiro ali ndi mchere wambiri zedi; dontho limodzi lotsalira limakweza EC ndi manambala ambiri. Ndondomeko yabwino pa malo otungira ndi iyi: tsukani mutu ndi madzi a distilled, mutsukenso kawiri ndi sampulo yomweyo, tungani theka la lita m'chikho chapulasitiki, werengani EC poyamba, kenaka dinani SET/HOLD mupite pa pH. Gogodani mita pang'ono kuti tithovu ta mpweya tomata pa graphite yoyezera EC tichoke, chifukwa kathovu kamodzi kamatsitsa EC. Musayeze m'botolo limene mukupita nalo ku labotale.

Tinene pang'ono za madzi a distilled, poti makina ake amaima magetsi akazima ndipo ophunzira amathamangira madzi a batire a pa filing'i siteshoni. Ena ndi abwino, ena ayi, ndipo botolo silinena. Kamita komweka ndi kamene kangakuuzeni: madzi abwino otsukira awerenge pansi pa 5 µS/cm. Ndipo muonetsetse kuti mwagula madzi, osati asidi wa batire, mabotolo ake amakhala pa shelefu imodzi.

TDS ya kamitaka si muyeso, ndi masamu. Mita imatenga EC n'kuichulukitsa ndi nambala imene mungaisinthe kuyambira 0.45 mpaka 1.00. Ikakhala pa 0.5, EC ya 600 imasanduka TDS ya 300. Mukaiika pa 0.7, madzi omwewo amakhala 420. Chifukwa chake tebulo la EC ndi TDS zochokera pa mita imodzi, kenaka galafu yosonyeza kuti ziwirizi zikugwirizana kwambiri, ndi kudzinamiza, ndipo woyesa wodziwa ntchito amaziona nthawi yomweyo. TDS yeniyeni imapezeka posefa sampulo, kuumitsa mamililita odziwika m'mbale yoyezedwa kale pa 180 °C, n'kuyeza zotsalira. Kwa wa honours, apa pali kagawo kokoma ka kafukufuku kosafuna ndalama zambiri: yezani TDS pa sikelo pa masampulo khumi kapena khumi ndi asanu, muyerekeze ndi EC, mupeze nambala yochulukitsira yoyenera madzi a dera lanulo. Shuga, mafuta ndi mankhwala ambiri ophera tizilombo sizidutsitsa magetsi, ndiye mita sizionako n'komwe.

Mfundo imeneyi ikutifikitsa pa zimene kamitaka sikangachite, zomwe ziyenera kudziwika proposal isanapite kwa supavaiza. Sikaona lead, cadmium kapena chromium. WHO imaika malire a lead m'madzi akumwa pa 0.01 mg/L, cadmium pa 0.003 mg/L, ndipo milingo yotere sisuntha EC ngakhale pang'ono. Sikaonanso E. coli kapena tizilombo ta kolera. Mzinda uno unaona kolera ya 2022 mpaka 2023, ndi Namondwe Freddy mu March 2023 amene anagumula zimbudzi ndi kusefukira m'zitsime ku Chilobwe ndi madera ena. Madzi a chitsime chotere akhoza kukhala oyera mbee, pH 7.2, EC 300, koma chikomekome cha mkuyu. Wophunzira asauze eni chitsime kuti madzi awo ndi abwino kumwa chifukwa cha manambala a kamitaka. Anthu akaona chipangizo chikuviikidwa amafunsa ndithu, ndipo yankho loona ndi loti, "Amayi, apa ndangoyeza mchere ndi kuwawasa kwa madzi, za matenda zimayezedwa ku labotale, pitirizani kuthira klorini kapena kuwiritsa."

Pamene kamathandiza pa kafukufuku wa zitsulo ndi pokonza masampulo ndi pomasulira zotsatira. Mabotolo apulasitiki amaviikidwa mu nitric acid wa 10 peresenti usiku wonse n'kutsukidwa bwino. Ngati mukufuna zitsulo zosungunuka, sefani pa 0.45 µm musanathire asidi. Mukayamba ndi asidi mumasungunula zomwe zinali m'matope, ndipo nambala imakwera. Kenaka thirani nitric acid wamphamvu, nthawi zambiri mamililita 1.5 mpaka 2 pa lita, kuti pH itsike pansi pa 2. Potsimikiza zimenezi thirani pang'ono m'kabika kapena gwiritsani pepala la pH, mita isalowe m'botolo. Sampulo yotere imadikira mpaka miyezi isanu ndi umodzi, kupatula ya mercury, ndipo zimenezi zimapulumutsa wophunzira pamene makina a AAS, oyezera zitsulo, akudikira gasi wa acetylene kapena nyali. Nitrate ilibe chifundo chotere, imafuna kuyezedwa pasanathe maola 48 ili yozizira, ndiye musatunge Lachisanu masana. Pomasulira, pH ya pa malo otungira ndi imene imafotokoza chifukwa chake chitsulo chikupezeka m'madzi pamalo ena koma chakhazikika m'matope pamalo ena, poti madzi owawasa amasunga zitsulo zambiri zili zosungunuka. Tionjezerepo chenjezo limodzi lopatuka pang'ono: AAS ya lawi la moto imayamba kuona lead pafupifupi pa 0.05 mg/L, pamwamba pa malire a WHO aja. Mawu oti sanapezeke satanthauza kuti madzi apambana mayeso. Funsani labotale, kaya ya pa sukulu kaya ya Malawi Bureau of Standards, malire a makina awo musanalipire, ndipo poyerekeza ndi malamulo a dziko lino dziwani kuti MS 214 ndi ya madzi akumwa pomwe MS 733 ndi ya mijigo ndi zitsime.

Kunja kwa madzi kamagwira ntchito, koma mosamala. Pa dothi, sakanizani magalamu 10 a dothi louma losefedwa pa 2 mm ndi mamililita 25 a madzi a distilled, takasani, siyani theka la ola, muyeze m'madzi a pamwambawo osakanikiza galasi m'matope. Mutu wa mita ndi wonenepa, ndiye kuti umire bwino ndi bwino kuwirikiza, magalamu 20 ndi mamililita 50. Pa chambiko, thobwa ndi mkaka, mapuloteni ndi sitachi zimamata kansalu kaja ndipo mita imayamba ulesi; imafuna kuviikidwa m'madzi otsukira electrode theka la ola, kenaka m'madzi osungira ola limodzi, ndi kutchunanso. Pa titration, ndiko kuthira asidi kapena soda pang'onopang'ono mukutsata pH, sitikalimbikitsa. Kamazima kokha pakatha mphindi 8 musanadine batani, kamachedwa pamene pH ikudumpha, ndipo sikakwana bwino m'botolo la khosi lopapatiza. Pa zamasamba zosungunulidwa mu ethanol, methanol kapena hexane, zomwe ophunzira ofufuza mankhwala azitsamba amakonda, kasiyeni m'chikwama: galasi limauma, thupi lake ndi lapulasitiki, ndipo pH ya m'madzi otere ilibe tanthauzo lofanana ndi ya m'madzi wamba.

Moyo wa kamitaka uli pa chivindikiro chake. Galasi la pH liyenera kukhala lonyowa nthawi zonse, ndi madontho angapo a madzi osungira, HI70300, m'chivindikiromo. Akasowa, buffer ya 4.01 kapena 7.01 imagwirizira masiku angapo. Madzi a distilled ndi amene amapha electrode msanga, chifukwa amakoka mchere wa m'kati n'kuusungunula, ngakhale kuti ambiri amaganiza kuti ndiwo aukhondo koposa. Mchere woyera womera m'mbali mwa chivindikiro si vuto, ingotsukani. Galasi musalipukute ndi tishu. Likhudzeni pang'ono kuti dontho lichoke, poti kupukuta kumalikanda ndipo kumasiya magetsi omwe amachititsa manambala kuyendayenda. Mita ikauma pa tchuthi, iviikeni m'madzi osungira kwa ola limodzi kapena usiku wonse musanaiweruze kuti yafa. Kansalu kakada, kamakokeka kunja mamilimita awiri kapena atatu n'kudula mbali yakudayo, ndipo electrode imatsitsimuka. Zonse zikakanika, electrode yokha, HI73127, imazulidwa n'kuikapo ina. Apa ndi pamene kamaposera timita tachikasu totchipa tija, timene galasi likafa mumataya chonse. Tina mwa timeneto timatchunidwa ndi kasikuludiraiva pa mfundo imodzi, tina sitikonza za kutentha. Pa dimba kapena pa damu la nsomba tikhoza kukwanira, koma pa lipoti lokatetezedwa pamaso pa aphunzitsi n'kutunga madzi ndi dengu.

Kamita kabwino sikakonza ndondomeko yoipa. Blantyre ali ndi nyengo ziwiri zosiyana kwambiri pa nkhani ya madzi: kuyambira November mpaka April mvula imasungunula michere ya mumtsinje koma imakokolola matope ndi zinyalala, pomwe September ndi October madzi amachepa ndipo zonse zotayidwamo zimakhathamira. Kafukufuku wa milungu itatu ya February sanganene za Mudi wa chaka chonse, ndipo mutu wa lipoti uvomereze zimenezo. Amene ali ndi semesita ziwiri ayambe kutunga proposal ikangovomerezedwa, kuti agwire nyengo zonse. Malo asanu oyenderedwa kasanu ndi kamodzi, pa ola lofanana, amapereka nkhani yomveka kuposa malo makumi atatu oyenderedwa kamodzi. Ola ndi lofunika chifukwa pamene pali ndere pH imakwera masana n'kutsika usiku, ndipo mafakitale satulutsa madzi mofanana tsiku lonse. Kuviika mita katatu m'chikho chimodzi si masampulo atatu; tungani katatu. Ulendo uliwonse nyamulani botolo limodzi la madzi a distilled limene mulitsegule pa malo otungira n'kulichita zonse zimene mwachita ndi enawo, kuti dothi lochokera m'manja kapena m'mabotolo lidzaonekere. Powerengetsa avareji ya pH kumbukirani kuti sikelo yake ndi ya logarithm: 5 ndi 9 sizipereka 7 m'chilengedwe, ndiye pamene manambala atalikirana perekani wapakati, wotsikitsitsa ndi wokweretsetsa. Kalata ya ku dipatimenti muyende nayo, muyambe mwaonekera kwa amfumu kapena a komiti ya mjigo, ndipo ngati mudzafunsa anthu mafunso, chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku chimafunika musanayambe. Magolovesi ndi majombo pa Mudi ndi pa Mzedi si zokongoletsa.

Pa mtengo, chipangizochi chimachokera kunja ndipo mtengo wake umatsata dola. Kwacha itatsitsidwa ndi 44 peresenti mu November 2023 zinthu zonse za mu labotale zinakwera. Kwa wophunzira mmodzi wodalira ndalama ya ngongole n'cholemera, koma anayi kapena asanu a supavaiza mmodzi akasonkha, n'kugawana masiku, chimatheka, bola kope la kutchuna likhale limodzi ndipo liziyenda ndi mita. Pofunsa mtengo kwa ogulitsa zipangizo za mu labotale, musafunse mita yokha. Funsani pamodzi ndi botolo la madzi osungira, buffer ziwiri, madzi a 1413 ngati labotale ilibe KCl wabwino, timabatire tinayi tapadera, ndi electrode yachiwiri ngati gulu ndi lalikulu, chifukwa kuitanitsa electrode pakati pa semesita kumatha milungu imene mulibe. Potsegula bokosi muone tsiku lothera ntchito pa masacheti, muonenso ngati galasi lilibe mng'alu. Galasi long'aluka limapereka nambala imodzimodzi mu buffer iliyonse, ndipo zimenezi mukhoza kuziyesa muli pa kauntala pomwepo.